COSOMA, MUM, NTAM: kodi woyimba kapena wazisudzo akavutika amathamangira kuti?

Woyimba kapena wazisudzo wodziwika akangogonekedwa ku Queens kapena ku Kamuzu Central, tsiku silitha chithunzi chake chisanazungulire m'magulu a WhatsApp ndi pa Facebook, pansi pake nambala ya Airtel Money ndi ya Mpamba. Ndiye mukalowa kumakomenti funso lake ndi lomwelomwelo chaka ndi chaka, COSOMA ili kuti, nanga a MUM, bungwe la oyimba, akutani, ndalama zija amadula pa mafoni zimapita kuti? Funsoli ndi labwino ndithu koma vuto ndi loti ambirife timaphatikiza mabungwewa ngati ndi chinthu chimodzi, pamene lililonse linakhazikitsidwa ndi ntchito yake, ndipo ukawayang'ana bwinobwino umapeza kuti pali mpata waukulu pakati pawo umene munthu wodwala uja amagweramo.

Tiyambe ndi COSOMA poti ndi imene imatukwanidwa kwambiri. Dzina lonse ndi Copyright Society of Malawi, inayamba kugwira ntchito mu 1992 kutsatira lamulo la umwini wa luso la 1989, lomwe pambuyo pake linalowedwa m'malo ndi lamulo latsopano la 2016. Si bungwe loti oyimba anakumana pansi pa mtengo n'kulipanga ayi, linabwera ndi lamulo la Nyumba ya Malamulo, komanso si la oyimba okha, muli olemba mabuku, alakatuli, ojambula zithunzi, opanga mafilimu ndi ena. Ntchito yake kwenikweni ndi imodzi, aliyense amene akugwiritsa ntchito luso la mnzake pa bizinesi yake alipire, ndalamazo zikafike kwa mwini luso. Wayilesi ikuwulutsa nyimbo kuti ikope omvera n'kugulitsa malonda, ilipire. Bala ikuliza nyimbo kuti anthu akhalitse n'kumagulabe mowa, ilipire. Hotela, TV, malo azisangalalo, ngakhale sukulu zikuluzikulu zimene zimachita fotokope mabuku a anthu, zonsezi zimayenera kukhala ndi laisensi. Woyimba mmodzi sangathe kuyenda bala iliyonse kuyambira ku Nsanje mpaka ku Chitipa kumakatolera ndalama zake, n'chifukwa chake pamafunika bungwe limodzi lotolera m'malo mwa onse.

Ndiye apa mvetsani bwino, COSOMA imatsata nyimbo osati munthu. Ikamagawa ndalama sifunsa kuti ndani akudwala kapena ndani lendi yamuvuta, imafunsa kuti nyimbo iti inalira kangati ndipo mwini wake ndani malinga ndi zimene zinalembedwa mu kaundula. Mawayilesi amayenera kutumiza mndandanda wa nyimbo zimene aliza, ndipo pamenepa mpamene mavuto amayambira chifukwa ena satumiza, ena amatumiza zosakwanira, DJ walemba dzina la nyimbo molakwika kapena wangolemba dzina la woyimba basi, ena laisensi yeniyeniyo amakhala nayo ngongole zaka zingapo. Mbali inayi nawonso oyimba ambiri salembetsa nyimbo zawo. Munthu watulutsa nyimbo yagunda dziko lonse, ikulira m'minibasi ndi m'maukwati, koma sanapiteko kukadzaza fomu, ndiye tsiku logawa ndalama akudabwa kuti dzina lake palibe.

Fomu imeneyi ndi imene ndimafuna anthu aziyiyang'anitsitsa chifukwa tsogolo la anthu ambiri limathera pamenepo. Imafuna unene kuti mawu anapeka ndani, chuni anapeka ndani, anakonza kayimbidwe ndani, anajambula ndani. Tsono taganizani mmene nyimbo zathu zambiri zimabadwira. Woyimba wabwera ku studio ndi kolasi yokha ili m'mutu, polodyusa wapanga biti, mnyamata wa gitala amene anangodutsa kudzaona anzake wayikamo kalayini kaja kamene aliyense amayimba mluzu nyimbo ikangoyamba, atsikana awiri ayikira mang'ombe kumbuyo, onsewa apatsidwa ya thiransipoti n'kubalalika. Pokalembetsa, woyimba uja amapita yekha n'kulemba dzina lake m'mipata yonse. Nthawi zambiri sikuti ndi nkhanza, iye amaonadi kuti nyimbo ndi yake poti studio analipira ndi iye. Koma zotsatira zake n'zoti wa gitala uja nyimbo idzalira zaka 20 osalandirapo ngakhale tambala, chonsecho lamulo limazindikira ufulu wa anthu amene aseweramo m'nyimbo yojambulidwa, osati wopeka yekha.

Kale zinthu zinali zowerengeka pang'ono. Nthawi ya makaseti, nyimbo zambiri zinkadutsa m'manja mwa ogulitsa odziwika ngati O.G. Issa ku Limbe, ndipo kaseti yovomerezeka inkamatidwa kasitika ka COSOMA konyezimira kaja, ndiye zinali zotheka kudziwa kuti makope apangidwa angati ndipo woyimba alandire zingati. Makompyuta atafika m'misika zonsezi zinasokonekera. Aliyense amadziwa kabenchi kaja ka pamsika, mnyamata ali ndi kompyuta yakale ndi sipika, ukamupatsa memore khadi amakubenera nyimbo mazanamazana pa mtengo wosakwana ngakhale wa CD imodzi, ndipo woyimba sadziwa n'komwe kuti zachitika. Poona kuti kuthamangitsana ndi aliyense wobena n'kosatheka, lamulo la 2016 linatsegula njira ina, ndalama ija anthu amangoti blank media levy. Amene akulowetsa m'dziko muno zipangizo zosungira ndi kukopera zinthu, monga mafoni, ma flash ndi mamemore khadi, amalipira kagawo kena polowa, MRA ndi imene imatolera, kenako ndalamazo zimapita kukagawidwa kwa eni luso kudzera ku COSOMA. Ganizo lake ndi loti popeza tonse tikudziwa kuti foniyo idzadzaza nyimbo ndi mafilimu osagula, kuli bwino malipirowo atengedwe pakhomo polowera.

Kunena zoona ndalama imeneyi yasintha zinthu, anthu ena amene anali atataya mtima analandira ndalama zooneka koyamba m'moyo wawo. Koma yabweranso ndi mkangano umene sudzatha msanga, chifukwa palibe amene angalowe mufoni ya munthu aliyense kukawerenga kuti muli nyimbo za ndani. Ndiye pamafunika njira yoyerekezera kuti ntchito za ndani zikukopedwa kwambiri, ndipo njira iliyonse imene ungasankhe ina imakomera achinyamata amene akugunda panopa, ina imakomera akuluakulu amene ali ndi nyimbo zambiri zakale. Mndandanda ukangotuluka pa Facebook pamayaka moto. Ine maganizo anga ndi oti mkanganowu si woipa, choipa ndi pamene anthu sakuuzidwa momveka bwino mmene masamu ayendera, poti munthu akalandira zochepa koma waona mmene awerengera amatha kudandaula mfundo yake, pamene akangopatsidwa nambala amayamba kuganiza za katangale ngakhale pamene palibe. Gawo lina la ndalama zotere limapita ku thumba lotchedwa Copyright Fund, limene aluso amalemberako mapulopozo kuti athandizidwe pa ntchito zawo, koma apanso amene amapindula msanga ndi amene amadziwa kulemba pulopozo ndi bajeti m'Chingerezi, osati gogo woyimba bangwe kumudzi.

Tsono onani amene watsala kunja pa zonse ndafotokozazi. Wovina wa bandi alibe nyimbo yolembetsa. Woyimba ng'oma amene amangoyenda ndi bandi m'mashoo koma ku studio sanalowemo alibe chake. Wazisudzo wa pasiteji, sewero lake likatha Lamlungu madzulo latha basi, silili mu memore khadi ya munthu. Anthu amenewa chuma chawo ndi thupi lawo ndi tsiku limenelo, ndipo oyenera kuwayankhulira ndi mabungwe a aluso eni ake, Musicians Union of Malawi (MUM) kwa oyimba, National Theatre Association of Malawi (NTAM) kwa azisudzo, Film Association of Malawi kwa a mafilimu, Poetry Association of Malawi kwa alakatuli, ndi ena otero.

MUM poyamba inkatchedwa Musicians Association of Malawi, kenako inasintha kukhala yuniyoni, ndipo yuniyoni ntchito yake yeniyeni ndi kukambirana ndi olemba ntchito za malipiro ndi kagwiridwe ka ntchito m'malo mwa mamembala. Koma funso ndi loti woyimba bwana wake ndani? Mphunzitsi amadziwa kuti bwana ndi boma, wa ku esiteti ya tiyi ku Thyolo amadziwa kampani yake. Woyimba lero walembedwa ndi promota, mawa ndi mwini bala, Loweruka ndi komiti ya ukwati, Lamlungu ali kutchalitchi kumene akuuzidwa kuti ndi utumiki. Palibe mmodzi mwa awa amene amadziona ngati wolemba ntchito. N'chifukwa chake lamulo la penshoni limene kuyambira mu 2011 limakakamiza olemba ntchito kusungira antchito awo ndalama za paukalamba silimukhudza woyimba, ndipo sikimu ya chipatala ngati ya MASM imene anthu a m'maofesi amadulidwa pa salale iye ayenera kuilipira yekha kuchokera m'thumba losadziwika kuti mwezi uno mulowa chiyani.

Amene anakhalapo kuseri kwa siteji shoo itatha akudziwa mmene zimakhalira. Nthawi ili cha m'ma 3 koloko m'bandakucha, anyamata akupinda mawaya n'kukweza masipika mu lole, promota wasowa kaye pang'ono kenako akutulukira ndi nkhani yoti pageti sizinayende, anthu ambiri analowa ulere, apolisi ndi achitetezo atenga zawo, mwini malo watenga zake, jenereta inamwa mafuta ambiri. Mtsogoleri wa bandi akulandira theka la zimene anagwirizana, ndipo poti mgwirizano wake unali wa pafoni palibe pepala loti angakasonyeze kulikonse. Iye akuchotsa ya galimoto ndi ya zida zobwereka, zotsalazo ndiye azigawa mu minibasi pobwerera, woyimba patsogolo zambiri, a zida zocheperako, ovina kumapeto, nthawi zina ovinawo amangouzidwa kuti tidzakuonani shoo ya mawa. Ndipo kwa atsikana ovina ndi oyimba pali zinanso zimene sizikambidwa mokweza, kuuzidwa kuti ngati ukufuna kukhala pa pulogalamu kapena nyimbo yako ilire tionane kaye. Mtsikana wotere akafuna kudandaula apite ku ofesi iti, imene ingamumvere mwachinsinsi komanso osamuchotsetsa ntchito? Kwa ine iyi ndi ntchito yoyamba ya yuniyoni isanafike n'komwe pokonza ma awadi.

Ku Britain oyimba ali ndi Musicians' Union kuyambira mu 1893 ndipo azisudzo ali ndi Equity kuyambira mu 1930, ndipo chimene mabungwe amenewa amadziwika nacho ndi mitengo yoyambira, amakambirana ndi mawayilesi, nyumba za zisudzo ndi makampani ojambula kuti munthu asalipidwe pansi pa mlingo wakuti, amapereka mapepala a mgwirizano oti membala angodzaza, ndipo wina akakubera malipiro amakuthandiza kulondola. Sindikunena kuti tingakopere zonse, chuma chathu ndi chosiyana kutalitali. Koma pepala la mgwirizano la tsamba limodzi, lolembedwa m'Chichewa, lonena tsiku, malo, ndalama, dipoziti ndi chimene chichitike mvula ikagwa kapena shoo ikalephereka, silifuna thandizo la kunja kuti lipangidwe. Chovuta chenicheni ndi umodzi. Mtengo woyambira umagwira ntchito pokhapokha ngati onse akana kuyimba pansi pake, pamene kwathu kuno bandi ikakana, promota amangoimbira mnyamata wina amene ali wokonzeka kuyimba ulere kuti adziwike, ndipo mnyamatayo sungamudzudzule poti nayenso akufuna poyambira.

Mabungwewa alinso ndi vuto la ndalama zoyendetsera okha. Mamembala ambiri sapereka ya umembala, ena amakumbukira khadi nthawi ya zisankho yokha kapena akamva kuti kukubwera thandizo. Kwa zaka zambiri chimene chinkawasunga ndi ndalama za dziko la Norway, zimene zinkadzera ku COSOMA pansi pa Cultural Support Scheme, zinalipira maofesi, maphunziro ndi zochitika zambiri ndipo sitinganyoze. Koma bungwe likamadalira wothandiza wakunja limazolowera kulemba malipoti opita kumtunda m'malo moyankha kwa mamembala ake, ndipo thandizolo likachepa ofesi imatsekedwa, foni osayankhidwa. Komanso zambiri zimathera mu Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu, gulu la zisudzo la ku Mchinji kapena la beni ku Mangochi limangomva pawayilesi kuti kuli bungwe lawo.

Azisudzo vuto lawo lina ndi malo. Amene anakulira mu Blantyre akukumbukira French Cultural Centre, pamene Wakhumbata ya Du Chisiza Jr, Kwathu ndi magulu ena ankadzaza anthu masana a Loweruka ndi Lamlungu. A ku France atachoka, boma linagula malowo mu 2011 n'kuwatcha Blantyre Cultural Centre, koma anakhala osasamalidwa mpaka akuba anazula zinthu zambiri, ndipo kukonzanso kwatenga zaka ndi zaka. Gulu la zisudzo lopanda holo yotsika mtengo limakakamizika kubwereka holo ya hotela imene mtengo wake sungabwezedwe ndi ndalama za pageti, ndiye ambiri anangotembenukira ku masewero a mabungwe, lero la Edzi mawa la chisankho mkuja la kolera, kumene ndalama ilipo koma nkhani amasankha ndi wolipira. Malo ngati Madsoc Theatre ku Lilongwe ndi Jacaranda Cultural Centre ku Blantyre athandiza kutseka dzenjelo, monganso mmene Music Crossroads ku Area 23 mu Lilongwe yaphunzitsira achinyamata ambiri amene lero ali m'mabandi akuluakulu, koma awa ndi anthu ndi mabungwe oyima paokha, si dongosolo la dziko.

Chinthu chimodzi chimene ndimaona kuti chinaganiziridwa bwino ndi Aluso SACCO, yosunga ndi kubwereketsa ndalama ya aluso. Woyimba akapita ku banki amafunsidwa peyisilipi ndi chikole, zimene alibe, pamene ku SACCO chikole chako ndi masheya ako ndi anzako okuikira umboni, ndiye munthu atha kugula kiyibodi kapena kamera pang'onopang'ono. Koma SACCO ndi ya amene ali ndi kena koti asunge, siyingalowe m'malo mwa sikimu ya chipatala.

Mliri wa Covid-19 ndi umene unaonetsa poyera kuti pansi palibe chotchinga. Mu Malichi 2020 boma litaletsa misonkhano ya anthu oposa 100, mashoo anaima, maukwati anachepa, mabala ankatsekedwa msanga, ndipo anthu amene amadya za Loweruka lililonse anangokhala manja lende miyezi yambiri, ena anagulitsa zida zomwe amadyera. M'chaka cha 2021 tinataya akuluakulu ngati Wambali Mkandawire ndi Eric Mabedi. Nkhani ya a Giddes Chalamanda nayonso imandipatsa maganizo, munthu wobadwa mu 1930 amene wayimba moyo wake wonse, koma chisamaliro chooneka chinabwera atakwanitsa zaka 90, Patience Namadingo atajambula nawo nyimbo zawo zakale mu 2020 kenako imodzi n'kufalikira dziko lonse lapansi pa TikTok. Zinali zokoma kuona, koma zinatheka chifukwa cha mtima wa munthu mmodzi ndi mwayi wa intaneti, ndipo akuluakulu ena a msinkhu wawo amene sanapeze Namadingo wawo ali m'midzi osadziwika. Nkhani yomweyi inaonetsanso mpata wina, ndalama za YouTube, Spotify ndi TikTok zili ndi njira zakezake, zambiri zimadzera kwa amene anakweza nyimboyo pa intaneti kudzera ku kampani yogawa nyimbo, ndiye ngati anakweza ndi munthu wina pa akaunti yake ndalama zimapita kwa iyeyo. Oyimba ambiri akufunika wowathandiza pa zimenezi kuposa wekishopu ina ya mu hotela.

Njira yothetsera nkhani ya matenda ndi maliro sikuti ndi yachilendo. Ku South Africa, bungwe la SAMRO limene linayamba mu 1961 ndipo limagwira ntchito yofanana ndi ya COSOMA pa nyimbo, lili ndi thumba la penshoni komanso sikimu ya maliro ya mamembala ake, ndalama zake zimachokera pa zomwe latolera zisanagawidwe. Mabungwe otolera ndalamawa pa dziko lonse, pansi pa mgwirizano wawo wa CISAC, amalolana kupatula mpaka 10 peresenti ya zotolera kuti igwire ntchito zosamalira mamembala ndi kutukula luso. Ubwino wodula pa gwero ndi woti sudikira munthu akumbukire kupereka mwezi ndi mwezi. Kuipa kwake ndi kuja ndanena kale, amene ali mu kaundula okha ndi amene amapindula, wovina ndi wa ng'oma atsalanso kunja pokhapokha patapezeka njira yoti shoo iliyonse yolipiritsa pageti izisiyako kachigawo kolowa mu thumba la onse amene akwera pasiteji. Ndipo oyimba akuluakulu amene amalandira zambiri ayenera kuvomera kuti adulidwe zambiri kuti mnzawo wosatchuka akagone pa bedi la chipatala, apa mpamene ndimaona kuti nkhani imavuta kuposa malamulo.

Mbali ya boma ndiye yachedwa kwambiri. Anzathu a ku Zimbabwe ali ndi National Arts Council kuyambira m'ma 1980, a ku Zambia lamulo lawo lokhazikitsa khonsolo yotere ndi la 1994. Ife ndondomeko ya dziko ya chikhalidwe inavomerezedwa mu 2015, ndipo lamulo lokhazikitsa National Arts and Heritage Council, imene aluso akhala akuilirira zaka zambirimbiri, linadutsa ku Nyumba ya Malamulo mu 2024. Pakati ponsepa nthambi ya zaluso yakhala ikusamutsidwa kuchoka unduna uwu kupita unduna uwo, lero ili ndi zokopa alendo, mawa ndi achinyamata ndi masewero, kenako ndi maboma aang'ono, ndipo kulikonse imakhala mlendo wolandira zotsala. Khonsolo ikhoza kusintha izi chifukwa imakhala ndi bajeti yakeyake, imalembetsa mabungwe ndi mapromota, ndipo ikhoza kunena kuti promota amene sanalipire oyimba asapatsidwenso chilolezo. Mantha anga ndi a ndale basi. Tonse taona mmene nyengo ya kampeni imagawira oyimba, uyu wa chipani ichi uyo wa chipani icho, ndiye ngati mipando ya khonsoloyo ndi thandizo lake zidzayendera kuti unayimbira ndani, aluso adzakhala apeza bwana wina m'malo mopeza nyumba yawo.

Pakadali pano pali zina zimene munthu angachite osadikira aliyense, ndipo chachikulu ndi fomu ija. Lamulo la kwathu limateteza nyimbo kapena sewero lolembedwa moyo wonse wa mwini wake komanso zaka 50 iye atamwalira, kutanthauza kuti ana ndi amayi a kunyumba atha kumalandirabe ndalama bambo atapita kalekale. Koma izi zimatheka ngati ntchitozo zinalembetsedwa, magawo a aliyense analembedwa, ndipo mwini wake anasiya dzina la wolandira m'malo mwake kapena wilo yomveka. Mabanja ambiri a oyimba amayamba kufunsa za zimenezi maliro atatha, pamene abale akukanganirana kale gitala ndi masipika, ndipo wa ku studio amene anasunga nyimbo zoyambirira anasamuka kapena kompyuta yake inafa kale.